Madzi Okhwima a Bambo Anga

Ndikukumbukira bwino Juni wa chaka chimene mlongo wanga Paulo anabadwa, ndipo ndikati ndiiwale, zala zanga zimandikumbutsa kukangoyamba kuzizira. Kwathu ndi kumtunda kwa Kabwazi, kumene mwezi umenewo mphepo ya mwera imakulowa m'malaya ngati munayambana dzulo. Ana a sukulu tinkayenda manja ali m'khwapa, milomo itang'ambika, miyendo itatuwa kuti mbuu ngakhale utaipaka mafuta a nsatsi kawiri. Anyamata ankanyamula makala amoto m'zitini zoboola n'kumazizunguza m'njira, utsi uli tolo, aphunzitsi n'kumawalanda pakhomo la kalasi kuti aziwotha okha. Ine ndinali kamtsikana ka zaka ngati khumi, woyamba kubadwa, wamakani pang'ono, ndipo kufikira nthawi imeneyo madzi ndinkangowadziwa ngati katundu wolemera pamutu.

Bambo anga anali mkamwini pamudzi pathu. Anachokera cha ku Linthipe, ndipo ntchito yawo inali youmba ndi kuwotcha njerwa. Sankalankhula zambiri, koma ukawaputa pa nkhani ya moto ankatha kukuchedwetsa ku Misa. Chikhulupiriro chawo chinali chakuti chinthu chilichonse chimakhwima ndi moto wautali. Uvuni wa njerwa ankausonkhezera masiku osaupumitsa, ndipo njerwa zawo ukazigogoda zinkalira ngati belu. Ndi njerwa zimenezo anatimangira nyumba ya malata, simenti pansi, yoyamba mbali yathu ya mudzi, ndipo ankainyadira kwambiri. Chimene sankavomera n'chakuti nyumbayo inkazizira kuposa nyumba zaudzu. M'mawa malata ankachita thukuta lozizira, madontho n'kumatigwera pa bulangete, ife n'kumasirira anzathu ogona pafupi ndi mafuwa m'tinyumba tawo takuda ndi mwaye.

Mayi anali oyembekezera, ndipo tonse tinkadziwa kuti mwana adzabwera cha mu Ogasiti, kukayamba kufunda. Koma tsiku lina masana anabwera kuchokera kudimba akuyenda atagwira m'chiuno, khasu atalisiya komweko. Mayi aakulu, a Rozina, amene anali akulu awo a mayi ndiponso mwini mawu onse pa banja lathu, anatithamangitsa ana n'kutseka chitseko. Dzuwa lisanalowe mwana anali atabadwa. Atandiitana kuti ndibweretse madzi, ndinamuona ali m'manja mwa mayi aakulu, ndipo m'manjamo munali malo otsala. Khungu lake linali lofiira, lopyapyala, timitsempha tikuonekera, ndipo kulira kwake kunali ngati kwa kamwana ka mphaka kali kuseri kwa nkhokwe. Mayi aakulu sanadikire wansembe. Anatunga madzi pa supuni, anawauzira mpweya kuti afundeko, n'kumudonthezera pamphumi, kumubatiza dzina la Paulo. Ngakhale ine mwana ndinadziwa chimene anafulumirira chotero.

M'mawa mwake bambo anapalasa njinga kupita ku chipatala cha mishoni, ndipo anabwerako ndi asisitere ena achikulire atawakweza pa kaliyala. Asisiterewo anamuyang'ana mwana nthawi yaitali. Anati kumunyamula pa msewu ndi mphepo imeneyo kunali kumupha, komanso mayi anali atataya magazi ambiri, thupi likutentha. Choncho anatisiyira malamulo. Mwana azigona m'dengu lakelake, pa thonje ndi nsanza zoyera, kuopa kuti mayi pa kufooka kwawo angamugonere. Mkaka azikamira m'kapu n'kumamudonthezera ndi supuni, popeza analibe mphamvu yoyamwa. M'nyumba musalowe mbaula kapena utsi uliwonse. Ndipo m'mbali mwa dengulo muzikhala mabotolo a madzi ofunda, okulunga m'nsalu, osinthidwa asanazizire. Potuluka anagwira mayi aakulu pa mkono n'kunena mawu amene anatilamulira masabata onse otsatira: "Mwana uyu alibe moto wakewake. Akangozizira, mwamutaya."

Tsono nyumba ya bambo inasanduka chikuta, mwini wake n'kutsala panja. Mwambo wathu unali wakuti mwana akabadwa, mwamuna salowa m'nyumbamo kapena kumugwira kufikira mchombo utagwa ndipo amayi akuluakulu atamutulutsa. Kwa mwana wofooka ngati Paulo, mayi aakulu analimbitsa lamuloli kawiri, nati adzatuluka tsiku limene iwo adzanene. Chikhristu chawo chinali cholimba, kolona sinkachoka m'khosi, koma pa nkhani ya chikuta sankafuna kumva za katekisimu. Bambo anasamukira kukhitchini, kanyumba kaudzu kotseguka mbali imodzi. Ine, pokhala mwana wosatha msinkhu, ndinkaloledwa kulowa ndi kutuluka. Sukulu ndinayamba ndaiimika, n'kukhala wamtengatenga pakati pa moto wa bambo ndi dengu la Paulo. Usiku mabotolo ankasintha ndi mayi aakulu, koma kukangocha mpaka madzulo inali ntchito yanga.

Vuto loyamba linali mabotolowo. M'nyumba mwathu munali limodzi lokha, la palafini. Munthu amene anali nawo ambiri m'mudzi monse anali aNachisale, amene ankatcheza kachasu kuseri kwa nsungwi, ndipo bambo, monga mkulu wa mphakati, kagulu ka Akhristu a m'mudzi mwathu, anali atawadzudzulapo pagulu kangapo. Bambo atanyamuka kukapempha mabotolowo, ndinawaperekeza. Sindinawaonepo bambo akuyenda pang'onopang'ono chotero pa kamtunda kakafupi chotero. Atafika anavula chipewa, anakhala pansi, n'kuyamba kufunsa za umoyo wa mbuzi ndi nkhuku zonse za pakhomopo. ANachisale anawasiya kuti azungulire mpaka atope, kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi thumba la mabotolo, chifukwa nkhani anali ataimva kale.

"Tengani, akulu a mpingo," anatero. "Mabotolo anga nawonso akaloweko m'nyumba ya malata, akamve za Mulungu."

Tinawatsuka ndi mchenga ndi phulusa, zotsekera tinasema zitsononkho, koma madzi ofunda akangolowamo fungo lakale linkadzuka. Masabata amenewo nyumba ya mkulu wa mphakati inkanunkha ngati pamowa, ndipo mpaka lero timamuseka Paulo, amene sanalawepo ndi dontho lomwe, kuti analedzera asanayambe kuyamwa.

Bambo sanawakhulupirire mabotolowo. Kwa iwo madzi anali chinthu chozimitsa moto, ndipo sankamvetsa kuti asisitere ophunzira angatume mdani wa moto kukafunditsa mwana. Tsiku loyamba lomwelo anasankha njerwa yabwino koposa, anaikwirira m'makala, n'kundipatsa pa fosholo kuti ndilowe nayo. Mayi aakulu, posafuna kukhumudwitsa alamu awo, anatola nsalu imene inali pafupi n'kuikulunga. Posakhalitsa tinamva kununkha. Nsaluyo inali ya chipani, ija amayi onse ankavala popita kukavina ku misonkhano, ndipo njerwa inali itapsereza ndendende pankhope ya mtsogoleri. Masiku amenewo munthu ankatha kusowa chifukwa cha zochepa kuposa pamenepo. Mayi aakulu anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, anaipinda, anapita nayo kukhitchini n'kuiponya pamoto bambo akuona. Nsaluyo sinatchulidwenso pakhomo pathu.

Komabe njerwa zinapitiriza kubwera kwa masiku angapo, tsopano bambo atayamba azisiya kuti zizizireko. Apa m'pamene manja anga anaphunzira chinthu chimene mutu wanga unadzachimvetsa patapita zaka. Njerwa inkatentha msanga pamoto, koma ikafika poti n'kuiika pafupi ndi mwana, inkakhala itatsala pang'ono kutha mphamvu. Ndikapita kukasesa pabwalo n'kubwerako, ndinkaipeza ili zii ngati mwala wa kumtsinje. Madzi ndiwo ankandichedwetsa. Sefuliya inkatentha yokha mpaka osagwirika, madzi m'katimo akadali ofunda chabe, ngati sakumva kuti pansi pali moto. Koma akalandira kutenthako sankafulumira kukutaya. Botolo lokulunga m'nsanza ndinkatha kulisiya, kukatunga madzi kuchitsime, kutsuka mbale, kubwera n'kulipeza likadali ndi moyo. Ndinawauza mayi aakulu, iwo anawauza alamu awo chitseko chili chotseka, ndipo njerwa zinaleka kubwera.

M'chipinda cha mwana munkakhala kamdima ngakhale masana, chifukwa pa zenera tinakhomapo chiguduli kuti mphepo isalowe. Mayi ankagona pa mphasa, maso ali pa dengu, osatha kudzuka okha. Ndikasintha mabotolo ndinkakhala pambali kuonerera mayi aakulu akumwetsa mwana. Ankadontheza kadontho kamodzi pakona pa kamwa, n'kudikira, tonse titagwira mpweya, mpaka kakhosi kake katagwedezeka. Nthawi zina mwanayo ankaiwala kupuma, ndiye mayi aakulu ankamukanda kuphazi mpaka atakwinya nkhope. Anandiphunzitsa kupisa zala ziwiri pamsana pake kuti ndimve ngati akufunda, ndipo zala zanga ndinkayamba ndazitenthetsa pa botolo. Amayi a m'mudzi ankabwera ndi ufa ndi ndiwo n'kusiya pakhonde, ndipo ndinkawamva akunong'onezana pobwerera. Palibe amene ankafunsa dzina la mwana.

Bambo atagonja pa njerwa, chikhulupiriro chawo chonse anachisamutsira pa madzi. Ngati mwana wawo ati apulumuke ndi madzi, ndiye akhale madzi okhwima. Anabwereka sefuliya yaikulu ya amayi a mphakati, anaitereka pa mafuwa, n'kukhala pambali pake pa mpando wawo wa ndalema, umene anakhoma okha ndipo mwana sankaloledwa kukhalapo. Madzi akayamba kuwira, ine n'kufika ndi kapu yanga, ankandibweza ndi dzanja. Ankati amenewo angodzuka kumene, moto sunawalowe m'kati. Ankasonkhezera nkhuni zina, madzi n'kumabwadamuka, chivundikiro chikuvina, nthunzi itadzaza khitchini mpaka udzu wa denga kumadontha. Akaona kuti atsika ndi theka m'pamene ankagwedeza mutu kuti tsopano akhwima, mphamvu yonse yatsalira mwa otsalawo, monga zimakhalira ndi msuzi.

Chikhulupirirochi chinkathera pa khosi langa. Madzi opita kumwamba aja wowasenza kuchokera kuchitsime cha kudambo ndinali ine, ndipo ndikawaona akutulukira pa denga ndinkapsa mtima. Mulu wa nkhuni zouma za bulugamu, umene mayi anaunjika kuti utifikitse ku dzinja, unkatsika tsiku ndi tsiku. Choseketsa n'chakuti madzi okhwimawo sankalowa m'botolo momwemo. Botolo loyamba limene tinathiramo linang'aluka pomwepo, ndiye kuyambira apo mayi aakulu ankasunga mtsuko wa madzi ozizira kuseri kwa chitseko, n'kumasakaniza mpaka chigongono chawo chitapirira. Ine ndinayesa ndekha mwakabisira, botolo lina madzi ongowira kumene, lina madzi okhwima, ndipo onse anazizira nthawi imodzi. Nditawauza mayi aakulu, anandikoka khutu.

"Usakawauze bambo ako," anatero. "Munthu tamutsekera panja. Ukamulanda moto wakewo atsala ndi chiyani?"

Ndinamvetsa, chifukwa ndinkawaona. Nthawi iliyonse ndikatuluka ndi mabotolo ozizira ndinkawapeza ataimirira kale, funso lawo lili limodzi, ngati mwana akupuma. Ndikavomera ankafunsa zina. Ankafuna kudziwa ngati ali ndi tsitsi, ngati tizala take tili ndi zikhadabo, ngati mphuno ndi ya kwawo ku Linthipe kapena ya kuchikazi. Ine ndinkakometsera pofotokoza, kuti ndione nkhope yawo ikumasuka. Tsiku lina anandipempha kuti ndiwaonetse kutalika kwa phazi lake, ndipo nditaloza pa chala chawo chachikulu, anachiyang'ana chalacho nthawi yaitali ngati si chawo. Ndinkawamvera chisoni bambo anga masiku amenewo, ngakhale kuti ndikakhala pa chitunda cha kuchitsime ndowa ili pamutu ndinkawakwiyira.

Kenako kunadza m'mawa wa chisanu. Dzulo lake kumwamba kunayera kuti mbee, mphepo inaleka, ndipo akuluakulu anayamba kudandaula za tomato ndi kachewere wa kudimba. Ndinadzidzimuka kukuyera, mayi aakulu akundigwedeza kuti mabotolo azizira msanga kuposa masiku onse ndipo sefuliya yauma. Nditatuluka, udzu wonse wa pabwalo unali woyera ngati wawazidwa ufa, ukulira pansi pa mapazi. Kukhitchini ndinapeza bambo atagwada akuuzira moto. Nkhuni zouma zinali zitathera kukhwimitsa madzi, ndipo zotsala zinali zaziwisi zimene anadula dzulo lake, zikungotulutsa thovu ndi utsi. Madzi okhawo amene tinali nawo anali a m'beseni limene linagona panja, ndipo pamwamba pake panali pataundana ngati galasi.

Likanakhala tsiku lina ndikanakondwa, chifukwa ana tinkakonda kunyamula madzi oundana kukaonetsa ku sukulu. Tsiku limenelo ndinawaphwanya ndi chibakera n'kukhuthulira zonse m'sefuliya, popeza anali ochepa moti sindikanataya ngakhale kachidutswa. M'nyumba munali zii. Paulo, amene m'mawa uliwonse ankalira kakulira kake kaja, sankamveka. Ndinathamangira m'katimo n'kupeza mayi aakulu akumusisita timapazi, milomo yake itada, khungu lake likuzizira ngati la chule. Anandiyang'ana ndi maso amene ndinali ndisanawaonepo, n'kungoti, "Madzi, Velonika."

Ndinabwerera kukhitchini n'kuwauza bambo. Anayang'ana nkhuni zaziwisi zija, anayang'ana uku ndi uku, kenako ananyamula mpando wawo wa ndalema n'kuuponda pakati. Matabwa ake anali ouma a zaka zambiri, ndipo anagwira moto nthawi yomweyo, malawi n'kukwera m'mbali mwa sefuliya. Ndinaviika chala, madzi anali ozizira mpaka kuluma. Ndinavundula ndi mthiko, zidutswa zikugundana, ndinaviikanso, osasintha. Moto wonse uja ndinkauona ndi maso anga ukunyambita sefuliya, koma madzi ankangoumeza osaonetsa kanthu. Zidutswa zinkachepa, kuzizira kuli pomwepo. Ndinayamba kulira ndikuvundulabe. Kachidutswa komaliza katasungunuka m'pamene chala changa chinamva kusintha, ndipo ngakhale apo madziwo anakwera mwaulesi wawo wa masiku onse.

Atafika poti chala sichingapirire, ndinatenga kapu. Bambo anatambasula dzanja monga mwa chizolowezi, kunena kuti ndidikire pang'ono, madzi sanawire n'komwe. Chibadwire ndinali ndisanawabwezepo mawu, koma tsiku limenelo pakamwa panatseguka pokha.

"Bambo, mwana akuzizira. Madzi anu okhwimawo timawathira ozizira kuseri kwa chitseko."

Anandiyang'ana, dzanja lili m'malere. Kenako anandilanda kapuyo n'kuyamba kuthira okha. Anadzaza mabotolo awiri, ndinawafumbata m'siketi n'kuthamanga.

M'nyumba ndinapeza dengu lopanda kanthu. Mayi, amene masiku onsewo sankatha kudzuka okha, anali atakhala tsonga atatsamira khoma. Anali atamulanda mwana kwa akulu awo, anamuvula nsanza zonse, n'kumulowetsa m'kati mwa malaya awo, pakati pa mabere, khungu pa khungu, bulangete pamwamba. Mayi aakulu ankang'ung'udza kuti asisitere analetsa, koma mayi sankawamva n'komwe. Tinaika mabotolo m'mbali mwawo. Sindikudziwa kuti tinadikira nthawi yaitali bwanji. Dzuwa linali litayamba kulowera m'mabowo a chiguduli pamene m'malayamo munamveka kaphokoso, kenako kakulira kokwiya, ndipo mayi aakulu anagwada pa simenti yozizira ija n'kuyamba kupemphera mokweza.

Ndinatuluka kukawauza bambo, n'kuwapeza atakhala pansi, dzanja lamanja ataligwirizira ndi lamanzere. Pamene ine ndinali m'nyumba, madzi otsala anali atawira pa moto wa mpando uja. Pofuna kudzaza mabotolo ena mwachangu, anavundukula sefuliya maso ali ku chitseko cha nyumba, ndipo nthunzi inawawotcha kuyambira m'zala mpaka pa mkono. Munthu amene ankatola khala ndi zala, amene madzi owira akamudonthera ankangopukuta pa buluku, anali ndi matuza akuluakulu chifukwa cha nthunzi chabe. Sanadandaule. Anangofunsa funso lawo lija, ndipo nditavomera anaweramitsa mutu pa mawondo, mapewa akugwedezeka.

Za madzi okhwima sanazitchulenso, ndipo za mawu anga aja sanandifunsepo. Kuyambira tsiku limenelo madzi akangowira ankaphula, nkhuni zimene oyandikana nawo anatithandiza n'kumakhalitsa. Mayi nawo anakana kumubwezera mwana m'dengu. Ankangokhala naye m'malaya, mabotolo n'kumathandizira m'mbali. Paulo anayamba kuyamwa yekha Julaye akupita kumapeto, ndipo mayi aakulu anamutulutsa tsiku lina lofunda, atamumeta katsitsi kake. Bambo anali atalidikira tsikuli masabata onse aja, koma dzanja lawo linali likadali lokulunga, bala litavuta kupola, ndipo anaopa kumugwetsa. Anakhala pa mphasa, anatambasula miyendo, mayi aakulu n'kumugoneka mwana pamiyendo pawo. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anamukhudza tsaya ndi chala chimodzi cha dzanja lamanzere, n'kulengeza kuti mphuno ndi ya ku Linthipe.

Ndili ku sekondale, mphunzitsi wa sayansi anatiikira madzi oundana pamoto, choyezera kutentha chili m'kati, ndipo anzanga anadabwa kuona kamzere kofiira kakukana kukwera mpaka onse atasungunuka. Ine sindinadabwe, ndinangomva fungo la kachasu m'mphuno. Anatifotokozera kuti madzi amafuna moto wochuluka kuti atenthe kuposa njerwa, mwala kapena chitsulo cholemera mofanana nawo, n'chifukwa chake amachedwanso kuzizira. Anati kusungunula madzi oundana kumadya moto wakewake, umene suoneka pa choyezera. Madzi akafika powira, kutentha kwawo sikukweranso ngakhale utasonkhezera nkhalango yonse. Moto wowonjezerawo umathera kuwasandutsa nthunzi, ndipo umenewo ndi wochuluka kuposa uja unawafikitsa powira. Nthunziyo ikakhudza khungu n'kubwerera kukhala madzi, imatula moto wonsewo pamenepo. Anzanga ankalemba, ine ndikuganiza za nkhuni za mayi zimene zinatulukira pa denga ndi za chipsera cha bambo.

Pa tchuthi ndinawafotokozera zonsezi, ndi matama a mwana amene wangoyamba kuvala nsapato. Anamvetsera mpaka kumapeto akusisita chipseracho. Kenako analoza Paulo, amene ankathamangitsa mbuzi pabwalo kabudula ali m'mawondo, n'kufunsa ngati aphunzitsi angawo anapulumutsapo mwana ndi choyezera chawocho. Nkhani ndinaisiyira pomwepo.

Masiku ano kwathu kunasintha. Nyumba za malata zili paliponse, bulugamu uja anatha, ana a sukulu amavala majuzi, ndipo sindikumbukira kuti ndi liti pamene ndinaonanso madzi ataundana m'beseni. Amayi amachirira kuchipatala, chikuta chinatsala dzina. Ine madzi ndimawiritsa m'ketulo yamagetsi imene imazima yokha ikangowira, ndipo nthawi zina ndimaseka ndekha poganiza kuti bambo akanaitcha yaulesi. Anatisiya kalekale, mayi ndi mayi aakulu anawatsatira, ndipo Paulo tsopano ndi bambo wa imvi, wonenepa, amene amadandaula kutentha ngakhale mu Juni. Ndimawasowa anthu amenewa, ndipo kukazizira m'pamene ndimawasowa kwambiri.

Chaka chatha mdzukulu woyamba wa Paulo anabadwa masiku asanakwane, ndipo ndinapita kukazonda kuchipatala. Ndinalowa m'chipinda cha ana otere ndikuyembekeza kuona makina, koma ndinapeza amayi atakhala pa mabedi, ana awo ali m'malaya, monga anachitira mayi anga m'mawa uja popanda wowaphunzitsa. Anamwino anati thupi la munthu ndilo limafunditsa mwana bwino, chifukwa silizizira ndipo silipsereza. Pakona panali mnyamata wina, mkazi wake ali m'tulo pambali pake. Anali atavula shati, mwana wake atamumanga pachifuwa ndi chitenje, chibwano chili pa kamutu kaja, ndipo palibe amene ankamuthamangitsa. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, kenako ndinatuluka kukalirira pakhonde. Bambo anga anali ndi chifuwa chachikulu, chofunda, ndipo anakhala nacho panja masabata onse aja akusonkhezera nkhuni, popanda wowauza kuti chikanakwanira.